III 5.7 ndi Class 3: manambala a njira ya phiri sanena chinthu chimodzi

Funso la wowerenga: "Ndakhala ndikukwera makoma ophunzirirapo a m'nyumba kwa zaka ziwiri, ndipo 5.9 ndimaikwanitsa bwinobwino. Chaka chamawa ine ndi mnzanga tikufuna kukakwera mapiri a ku California. M'buku lofotokoza njira ndapeza ina yalembedwa III 5.7, ina IV 5.6, pomwe ina angolemba kuti Class 3. Kodi Class 3 ndi Grade III n'chimodzimodzi? Ndipo popeza 5.6 ndi yochepa kwa 5.7, kodi tisankhe ya IV 5.6 kuti tiyambire pophweka?"

Mafunso onse awiri yankho lake ndi ayi, ndipo mwachita bwino kufunsa musanamange katundu, pajatu safunsa adadya phula. Class 3 ndi Grade III zimangofanana nambala basi. Zikuyeza zinthu zosiyana, monga mmene kulemera kwa thumba kumasiyanirana ndi kutalika kwa ulendo umene mulisenzere. Ndipo kwa anthu awiri amene sanakwerepo thanthwe lalitali, njira ya IV 5.6 ingathe kukuvutitsani kwambiri kuposa ya III 5.7, ngakhale kuti malo ake ovutitsitsa ndi ophwekerapo.

Class imayankha funso ili: pamalo ovutitsitsa a njira yonseyo, manja ndi miyendo yanga idzafunika kuchita chiyani? Grade imayankha lina: ndikangonyamuka pansi, ndidzakhala pathanthwepo nthawi yaitali bwanji, ndipo zinthu zikasokonekera, kubwerera kudzavuta motani? Yoyamba imalembedwa ndi manambala athu a masiku onse, yachiwiri ndi manambala achiroma. Mukaona III 5.7, ndiye kuti mwauzidwa zinthu ziwiri nthawi imodzi: ntchito ya pafupifupi theka la tsiku, ndipo malo ovutitsitsa ndi 5.7.

Ndiyambe ndi Class poti ndiyo yakale. Anaiyambitsa ndi a bungwe la Sierra Club m'zaka za m'ma 1930, pofuna kuuzana za njira za m'mapiri a Sierra Nevada. Class 1 ndi kuyenda wamba m'kanjira, manja ali m'thumba ngati mukufuna. Chitsanzo chake ndi kanjira kotchuka kokafika pansonga ya Mount Whitney, phiri lotalika mamita 4,421: n'kotopetsa, mpweya pamwambapo ndi wochepa, koma simugwira mwala kuti mukwere. Class 2 ndi pamene kanjira katha, mukudutsa m'miyala yosakhazikika, ndipo apo ndi apo dzanja likugwira mwala kuti musapendeke.

Pa Class 3 ndi 4 ndipo ndikufuna ndichedwepo, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Pa Class 3 manja akugwira ntchito nthawi zonse, mukukwera ngati pamakwerero osalongosoka, ndipo anthu ambiri sagwiritsa ntchito chingwe. Pa Class 4 zogwira zidakali zazikulu, koma pansi panu pali phompho, moti kuterereka kamodzi kokha kungakhale imfa. Ena amamanga chingwe, ena ayi. Tsono taonani vuto lake. Munthu amene akukwera 5.10 pathanthwe lokhala ndi zitsulo zokolekera chingwe akagwa, chingwe chimamugwira atangotsika mamita ochepa, n'kuseka, n'kuyesanso. Amene akukwera Class 4 popanda chingwe akagwa, sayesanso. Nambala ndi yaing'ono, koma mtengo wa kulakwitsa ndi waukulu. Ine ndikamaphunzitsa anthu, pamene mtima wanga umakhala m'mwamba si pa 5.9 ayi, ndi pa Class 4 potsika madzulo, anthu atatopa, chingwe chili m'chikwama chifukwa aliyense akuti apa m'pophweka.

Njira ya Keyhole pa Longs Peak ku Colorado ndi Class 3, ndipo pamiyala anapakapo zizindikiro zofiira ndi zachikasu zolozera koyenda. Anthu ambirimbiri amaidutsa chaka chilichonse, komabe yaphapo anthu angapo, makamaka pamene thanthwe lanyowa kapena laundana. Pa Mount Whitney pomwepo, njira yotchedwa Mountaineer's Route, imene John Muir anakwera mu 1873, ndi Class 3 nayonso. M'miyezi yotentha ndi kukwawa m'miyala. Kukakhala madzi oundana, n'chinthu china ndithu, ngakhale m'buku nambala sinasinthe. Muzikumbukiranso kuti okwera akale a ku Sierra anali osawinduka. Malo ena amene iwo analemba kuti Class 4, wokwera wa lero akafikapo amatulutsa chingwe n'kumadzifunsa ngati wasochera.

Class 5 ndi imene mukuidziwa kale: chingwe, mnzanu wochigwira, ndi zitsulo zotetezera zimene wotsogolera amalowetsa m'ming'alu kapena kukoleka pamene zinakhomedwa kale. Poyamba panali Class 5 imodzi yokha, pamwamba pake pali Class 6, imene inkatanthauza kukwera mokoka ndi kupondera pa zitsulo. Koma m'zaka za m'ma 1950 okwera a pa Tahquitz Rock kum'mwera kwa California, pakati pawo Royal Robbins, Chuck Wilts ndi Don Wilson, anaona kuti m'thumba limodzi la Class 5 mwadzaza njira zosiyana kwambiri. Anasankha njira zawo zodziwika n'kuzindandalika kuyambira 5.0 mpaka 5.9. Ya 5.9 inali Open Book, imene Robbins anakwera ndi manja ndi miyendo yokha mu 1952. Dzina loti Yosemite Decimal System linabwera pambuyo, dongosololi litafika ku chigwa cha Yosemite ku California komweko, ngakhale kuti linabadwira kwina.

Iwo ankaganiza kuti 5.9 ndiye malire a munthu. Anthu atayamba kukwera zovuta kuposa pamenepo, kwa kanthawi zonse zinkangolembedwa 5.9, mpaka anavomereza kutsegula 5.10. Masamu a kusukulu apa sagwira: 5.10 si 5.1, ndi yoposa 5.9, ndipo imawerengedwa ngati manambala awiri osiyana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Jim Bridwell anawonjezera zilembo a, b, c ndi d kuyambira pa 5.10 kupita m'mwamba. Lero pamwamba penipeni pali 5.15d, imene Adam Ondra anapatsa njira ya Silence m'phanga la ku Flatanger ku Norway mu 2017. Mbiri imeneyi ikukukhudzani mwachindunji. Njira yakale yolembedwa 5.9, makamaka ikakhala ndi kachizindikiro ka + kumapeto, ingakhale yovuta kuposa 5.10 ya masiku ano, chifukwa amene anaipatsa nambalayo analibe ina yoposa. Ndipo 5.9 ya pakhoma la m'nyumba, pamene zogwira ndi zamitundumitundu ndipo zikuonekeratu, si 5.9 ya mng'alu wa mwala wa granite, momwe mumalowetsa dzanja n'kulipotokola kuti likanirire. Musakhumudwe mukapeza kuti panja 5.7 ikukutulutsani thukuta. Pafupifupi aliyense zimamuchitikira.

Class 6 ija inatha. M'malo mwake munabwera chilembo A ndi nambala, kuyambira A0 mpaka A5, ndipo C ikutanthauza kukwera kotero komweko koma popanda kukhoma chilichonse ndi hamala. Pakadali pano mukaona A kapena C pa njira, ingoidutsani. Ndi luso lapadera lofuna kuphunzira palokha.

Chinthu chimodzi chokhudza Class chimene anthu amaiwala ndi chakuti imanena za malo amodzi okha, ovutitsitsawo. Njira ya mamita 300 imene ili ndi sitepe imodzi ya 5.7 ndipo kwinako n'kukwawa chabe idzalembedwa 5.7. Ina ya mamita 300 omwewo imene ndi 5.7 kuyambira pansi mpaka pamwamba idzalembedwanso 5.7. Nambala ndi imodzi, koma madzulo ake mapewa anu adzakuuzani kuti sizofanana. Kusowa kumeneku ndi kumene kunabala Grade.

Manambala achiroma anakhazikika kudzera mu dongosolo lotchedwa National Climbing Classification System, limene Leigh Ortenburger, wolemba za mapiri a Teton, anakonza mu 1963. Zambiri za dongosolo limenelo zinaiwalika, koma gawo la nthawi linatsala. Grade I ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, II ndi yosafika theka la tsiku, III ndi theka la tsiku kapena kupitirirapo, IV ndi tsiku lathunthu lolimba, V ndi pamene ambiri amagona pathanthwe usiku umodzi, VI ndi masiku angapo. Ena amawonjezera VII ya makoma akuluakulu a kumadera akutali kumene thandizo silingafike msanga. Mabuku amasiyana pang'ono pa maola enieni, choncho muziwerenga tsamba loyambirira la buku lanu kuti mudziwe mmene wolembayo akuwerengera.

Koma maola amenewa ndi a yani? Apa ndiye pagona nkhani. Ndi a anthu awiri ozolowera, amene njirayo ili pa msinkhu wawo, amene sataya nthawi posinthana zitsulo, osasochera, komanso nyengo ili bwino. Si a inu ndi mnzanu pa ulendo wanu woyamba. Komanso Grade si wotchi chabe. Wolemba buku akamaika nambalayo amaganizira kuchuluka kwa zigawo (mitunda ya pakati pa malo oimapo pokwera), kuti zovutazo n'zotsatizana kapena ndi apo ndi apo, kuvuta kwa kupeza njira, ndi kuti mvula ikayamba muli pakati mungatsike bwanji. N'chifukwa chake okwera amaitcha nambala ya kudzipereka. Pa Grade I mukatopa mnzanu amakutsitsani, mwapita. Pa Grade IV pamafika malo amene kutsika n'kovuta kuposa kupitiriza, ndipo mukadutsa pamenepo khomo lotulukira ndi pamwamba basi.

Kuti muone kuti manambala awiriwa sayendera limodzi, tengani The Nose pa El Capitan, khoma la mamita pafupifupi 900 ku Yosemite. Warren Harding ndi anzake anathera masiku 47 pathanthwelo, mobwerezabwereza pakati pa 1957 ndi 1958, ndipo anafika pamwamba mu Novembala 1958 pamodzi ndi Wayne Merry ndi George Whitmore. Masiku ano ambiri amatenga masiku atatu kapena asanu, akukoka chikwama cha madzi ndi chakudya, ndipo m'mabuku ndi VI 5.9 C2. Lynn Hill anaikwera yonse ndi manja ndi miyendo yokha mu 1993, chingwe chili chongomuteteza, n'kubwerezanso mu 1994 m'tsiku limodzi. Ikakweredwa motero ndi 5.14a. Thanthwe ndi lomwelo, Grade ndi VI yomweyo, koma Class yadumpha kuchoka pa 5.9 kufika pa 5.14a chifukwa cha kakweredwe. Mu Juni 2018 Alex Honnold ndi Tommy Caldwell anaithamanga m'nthawi yosakwana maola awiri. Kodi inasanduka Grade I? Ayi. Grade imanena za anthu wamba odziwa ntchito, osati akatswiri awiri othamangitsana ndi wotchi. Mbali inayo, Silence ya Ondra ija ndi ya mamita pafupifupi 45 okha. Class yake ndi yapamwamba kuposa zonse, koma palibe amene amavutika n'kuilembera nambala yachiroma, poti munthu akalephera amangotsitsidwa pansi. Pa njira za chigawo chimodzi Grade sailemba n'komwe.

Tsopano tibwere kwa inu. Chigawo chimodzi, chimene okwera amati pitch, ndi mtunda wochokera pamene wogwira chingwe waima kufika pamene wotsogolera akaime, nthawi zambiri osaposa utali wa chingwe cha mamita 60. Tiyerekeze kuti njira yanu ya III 5.7 ili ndi zigawo 6, pomwe ya IV 5.6 ili ndi 12. Anthu ozolowera angathe chigawo chimodzi m'mphindi 30 onse awiri atakwera. Inu pa ulendo woyamba, wotsogolera akufunafuna poika chitsulo, akumanga poimira, akukoka chingwe, wachiwiri akulimbana ndi chitsulo chimene chakanirira mumng'alu, kenako mukumasula chingwe chimene chapiringizana, ola limodzi pa chigawo si zachilendo. Zigawo 6 ndi maola 6, ndipo mukayamba 7 koloko m'mawa mufika pamwamba dzuwa lidakali bwino. Zigawo 12 ndi maola 12, musanasochere ngakhale kamodzi, ndipo kutsika simunayambe. Kusiyana kwa 5.6 ndi 5.7 ndi kwa sitepe imodzi kapena ziwiri zimene inu wa 5.9 mungazithe. Kusiyana kwa III ndi IV ndi kusiyana kwa kugona m'tenti ndi kugona pamwala.

Zimenezi ndikuzinena zitandionekera. Ndili wachinyamata, ine ndi mnzanga tinasankha njira yaitali chifukwa choti nambala yake ya Class inali yotsika kwambiri poyerekeza ndi zimene tinkakwera. Nambala yachiromayo tinaiona, koma tinaiyesa chokongoletsa. Palibe sitepe ngakhale imodzi imene inativuta tsiku limenelo. Chimene chinatidya ndi nthawi. Pa chigawo china tinatsata mng'alu wolakwika n'kubwerera, pena chingwe chinakodwa kuseri kwa mwala, ndipo madzi anatha dzuwa lili paliwombo. Mdima unatipeza patsala zigawo ziwiri, tili ndi tochi imodzi. Tinakhala pakashelefu ka mwala kotalika ngati benchi, titadzimangirira kuthanthwe, miyendo tailowetsa m'chikwama chimodzi, mano akugundana mpaka mbandakucha. Palibe anavulala, ndipo bukulo silinanamepo chilichonse. Ife ndife tinawerenga theka la zimene linalemba.

Pali zina zimene manambala onse awiri sanena, ndipo zimenezi ndi zofunika kuzifufuza m'mawu a m'bukumo. Choyamba ndi ulendo wokafika patsinde pa thanthwe ndi wobwerera. Mabuku ambiri akamaika Grade amawerengera kukwera kwa pathanthwe kokha. Snake Dike pa Half Dome ku Yosemite ndi chitsanzo chabwino, ndipo ndikukhulupirira kuti ili m'buku lanu chifukwa ndi yotchuka: III 5.7 R, zigawo pafupifupi 8. Poiona papepala ndi theka la tsiku. Koma kuti mukafike poyambira mumayenda maola angapo mokwera, mukamaliza zigawozo patsala mtunda wautali wa thanthwe lopendekera umene mumayenda miyendo ikuwotcha, ndipo kuchoka pansonga kubwerera kuchigwa ndi makilomita oposa 11. Ambiri amanyamuka kusanache n'kubwerako kutada. Grade III imeneyo imadya tsiku lonse.

Ndipo mwaiona R ili kumapetoyo? Imeneyo ndi nambala yachitatu, titero kunena kwake, yonena za chitetezo. Zilembo zake anabwereka ku zimene amaika pa mafilimu ku America. PG ndiye kuti poika zitsulo palipo mokwanira, R ndiye kuti pali mitunda italiitali yopanda chotetezera moti wotsogolera akagwa angavulale kwambiri, X ndiye kuti kugwa kungakhale imfa ngakhale chingwe chilipo. Pa Snake Dike zigawo zambiri ndi zophweka kuposa 5.7, koma wotsogolera amakwera mamita ambiri kuchoka pa chitsulo chimodzi kufika pa china. Munthu wozolowera kukoleka chingwe pa mamita awiri alionse m'nyumba akafika pamenepo, miyendo imayamba kunjenjemera pamalo amene pansi akanadutsa akucheza. Kwa chaka chanu choyamba, njira ya R isiyeni, kapena mupite ndi wina wozolowera kuti atsogolere.

Palinso nyengo ndi kutalika kwa phiri. East Buttress ya Mount Whitney imalembedwa III 5.7, chimodzimodzi ndi njira zambiri za m'chigwa. Koma imathera pamwamba pa mamita 4,400, kumene mpweya ndi wochepa, ndipo sitepe imene pansi simungaiganizire n'komwe imakupumitsani wefuwefu. M'miyezi yotentha mabingu amakonda kubwera masana, n'chifukwa chake pa mapiri ngati Longs Peak anthu amanyamuka usiku ndi matochi kuti pofika masana akhale akutsika. Potsika East Buttress ambiri amadzera Mountaineer's Route ija, ndiye kuti Class 3 imene munafunsa mudzakumana nayo mutatopa kale, mukuyang'ana kuphompho.

Mwina mudzakwera kunja kwa America tsiku lina, choncho ndikuchenjezeni za msampha wina. Mawu oti grade kwina konse amangotanthauza nambala iliyonse ya kuvuta, ndipo manambala achiroma ali ndi ntchito ina. M'mapiri a Alps, makamaka ku Germany, Austria ndi mbali ya Italy, amagwiritsa ntchito muyezo wa UIAA (bungwe la padziko lonse la okwera mapiri), umene unachokera ku magawo 6 a Willo Welzenbach a m'zaka za m'ma 1920. Kumeneko IV sakunena za tsiku lathunthu ayi, akunena za kuvuta kwa sitepe, zimene Amereka akanalemba ndi nambala ya m'munsi mwa Class 5. Nawonso anali atatseka muyezo wawo pa VI, mpaka Reinhard Karl ndi Helmut Kiene atakwera Pumprisse pa Fleischbank mu 1977 n'kunena poyera kuti imeneyi ndi VII. Kulemera kwa ulendo wonse kumeneko amakulemba ndi zilembo za Chifalansa: F, PD, AD, D, TD ndi ED, kuchoka pa chophweka kufika pa chovuta zedi. Njira ya Hörnli pa Matterhorn ndi AD, ndipo malo ake ovutitsitsa ndi III ya UIAA. Munthu wozolowera mabuku a ku California akaona III ameneyo angaganize kuti ndi theka la tsiku, pamene anthu amanyamuka pakanyumba ka m'phirimo kusanache n'kukwera mamita oposa 1,000, n'kutsikanso njira yomweyo.

A ku Britain ali ndi zawozawo, ndipo kunena zoona ine ndimazikonda kuposa zonse. Amalemba zinthu ziwiri, mwachitsanzo VS 4c kapena E1 5b. Nambala ndi kachilembo zikunena za sitepe yovutitsitsa, pomwe zilembo zakutsogolozo zikuphatikiza zonse: kutopetsa, kuchepa kwa chitetezo, kuopsa kwa kugwa. Wozolowera amawerenga kusiyana kwa ziwirizo. Zilembo zikakhala zapamwamba koma nambala ili yotsika, amadziwa kuti kukwerako n'kosavuta koma poika zitsulo m'posowa. Ku Scotland nyengo yozizira amaphatikiza nambala yachiroma ndi yamasiku onse, moti Point Five Gully pa Ben Nevis ndi V,5, ndipo V ameneyo sakunena zogona pathanthwe. Ku Alaska ali ndi muyezo wa 1 mpaka 6 woganizira kuzizira, mphepo ndi kutalikirana ndi thandizo. West Buttress ya Denali ndi 2 chabe pa muyezo umenewo, koma ndi ulendo wa masabata awiri kapena atatu pa madzi oundana. Dziko lililonse linapeza njira yake yolekanitsira kuvuta kwa sitepe ndi kulemera kwa ulendo, kungoti zizindikiro n'zosiyana, ndipo zina zimafanana maonekedwe pamene matanthauzo ali kutali.

Matebulo osinthira manambala a dziko lina kupita ku lina alipo ambiri pa intaneti. Pa kuvuta kwa sitepe amathandiza ndithu, mwachitsanzo 6a ya ku France ili pafupi ndi 5.10a. Pa kulemera kwa ulendo musawakhulupirire kwambiri, chifukwa TD ya ku Alps ndi Grade IV ya ku Yosemite zikuyeza zoopsa zosiyana. Kwina ndi miyala yogwa ndi madzi oundana, kwina ndi dzuwa ndi ludzu.

Ndikanakhala inu, chaka chino ndikanachita motere. Ndikanatuluka panja n'kuphunzira kuika zitsulo m'ming'alu pa njira za chigawo chimodzi, ndi munthu wodziwa amene aziona chitsulo chilichonse chimene ndaika. Kenako njira za zigawo ziwiri kapena zitatu, Grade I ndi II, pa 5.5 kapena 5.6, ndipo ndikanamayang'ana wotchi: kuyambira pamene wotsogolera wanyamuka kufika pamene wachiwiri wafika n'kukonzeka kunyamukanso. Nambala imeneyo, ya mphindi zanu pa chigawo chimodzi, ndi imene idzakuthandizeni kumasulira Grade ya m'buku kukhala maola anu enieni. Muphunzirenso kutsika ndi chingwe mpaka muzitha ngakhale mutatopa ndiponso kuli mdima, popeza ngozi zambiri zimachitika potsika. Mnzanuyo naye aphunzire zonsezi mofanana ndi inu. Kuyenda awiri si mantha, koma ngati mmodzi yekha ndi amene amadziwa kumanga poimira, iyeyo akavulala nonse mwakanirira pomwepo.

Lamulo limene ndimapatsa ophunzira anga ndi loti asakweze manambala awiri nthawi imodzi. Mukafuna kuyesa Class yovutirapo, sankhani njira yaifupi imene mungatsike mosavuta. Mukafuna kuyesa Grade yokulirapo, tsitsani Class ndi nambala imodzi kapena ziwiri kuchoka pa imene mumakwanitsa panja, osati ya m'nyumba. Ngati panja mukutsogolera 5.8 mtima uli m'malo, III 5.6 kapena III 5.7 yopanda R ndi yoyenera ulendo wanu woyamba. Ya IV 5.6 ija isungeni mpaka mutakwera ma Grade III angapo n'kumafika pamwamba dzuwa lisanapendeke. Ndipo tsiku limene mudzaipite, aliyense akhale ndi tochi yake ya pamutu ndi jekete lotchinga mphepo, ndipo mugwirizane muli pansi kuti ikafika nthawi yakuti musanafike pa chigawo chakuti, mukutembenuka.